Atsekwe Ovala Nsapato za Phula

Idwal Prosser sankatha kukhala pampando. Mukamupatsa tiyi ankamwa ataimirira, mwendo umodzi uli kale panja, ndipo m'tchalitchi ankagwedeza bondo mpaka benchi yonse kumanjenjemera, azimayi n'kumamucheukira ndi maso ofiira. Anyamata a masiku ano amangodziwa nkhalamba yokhala phee pageti lake kumapeto kwa tauni yathu ya Oatlands, ndiye ndikawauza zimenezi amati ndikuphika nkhani. Azitero. Ine Dorcas Pyle ndachapa zovala kuseri kwa mpanda wa bambo ameneyu kuyambira ndili ndi mano onse m'kamwa, ndipo zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa.

Kwawo ku Wales anali woyendetsa ziweto. Ankatenga ng'ombe, nkhosa ngakhalenso atsekwe a anthu n'kuyenda nazo wapansi mpaka kumisika ya ku England, akafika n'kutembenuka kukatenga zina. Ntchitoyi anaiyamba asanamere ndevu, moti anazolowera kugona m'mbali mwa msewu kuposa pabedi pake. Tsiku lina nkhosa ya eni inalowerera m'gulu lake. Iye anaiona, nkhosayo inamuona, ndipo onse awiri anangopitiriza ulendo. Woweruza sanaseke nawo. Anamupatsa zaka khumi ndi zinayi kutsidya kuno pachilumba cha Van Diemen's Land, ndipo anakwera sitima ya akaidi atasiya mkazi wake Keziah ali woyembekezera. Inenso ndinabwera pa sitima yotero, monga theka la anthu a mumsewu uno, koma kuno sitifunsana kuti unapalamula chiyani.

Boma linamupereka kwa mlimi wina wa nkhosa kuti azimugwirira ntchito, monga linkachitira ndi akaidi ambiri. Mungaganize kuti m'busa wapeza pake. Ayi ndithu. Ubusa wa kuno ndi wozungulira phiri limodzi lomwelo, m'mawa kukwera, madzulo kutsika, ndipo Idwal anapirira miyezi yochepa chabe. M'mawa wina anatsekera nkhosa bwinobwino m'khola n'kuyamba kuyenda. Sanalowe m'thengo ngati othawa ena aja amene amakasanduka zigawenga. Iye anayenda pamsewu waukulu, dzuwa likuswa mtengo, akupatsa moni aliyense wokumana naye. Atamugwira anamufunsa kumene ankapita, iye n'kuyankha kuti, "Kutsogoloku." Anamukwapula mpaka msana kusendeka.

Msana utapola anachitanso chimodzimodzi. Ulendo uno anamuika m'gulu la omangidwa unyolo, ophwanya miyala, moti msewu umene ankaletsedwa kuyendamo anaumanga ndi manja ake. Zitsulo zija zinamusiyira chilonda pakakolo chimene chinkatukusira nyengo yozizira iliyonse, komanso kayendedwe kaja kokoka phazi kamene tonse kuno timakazindikira munthu adakali patali. Woweruza anamuchenjeza kuti akadzayesanso kachitatu ndi wa kundende yoopsa ya ku Port Arthur, ndipo zaka zake zidzawonjezeredwa.

Kenako kunatulukira Keziah. Mkazi wamfupi, wa manja ngati a mwamuna, pakamwa posafuna kunola. Anagulitsa bedi, miphika ndi nkhumba n'kuwoloka nyanja yonseyo ndi kamtsikana kake Tegwen, kamene bambo ake anali asanakaonepo. Popeza anabwera mwa kufuna kwake anali mfulu, ndipo mfulu wokhala ndi malo ankaloledwa kupempha mkaidi woti azimugwirira ntchito. Anachita lendi kanyumba koyandikana ndi kanga n'kuyamba kuvutitsa maofesi. Anapita, anabwezedwa, anapitanso, mpaka akuluakulu anatopa naye n'kumupatsa mwamuna wake yemweyo ngati wantchito.

Ndinalipo tsiku limene anamubweretsa. Wapolisi anamuimika pageti n'kumuuza Keziah malamulo: munthuyu ndi wanu, akachita mwano mubwere naye tidzamukwapule, asatuluke pamalo pano popanda inu kapena chiphaso chanu, ndipo akasowa inu n'kubisa, tidzamutenga ndipo simudzamuonanso. Tegwen anabisala kuseri kwa siketi ya mayi ake. Awiriwo anangoyang'anana, ine misozi ili kale m'masaya, ndikudikira kuti akumbatirane.

"Mwaonda," anatero Keziah.

"Inunso simunatalike," anatero Idwal.

"Nkhosa ija inakoma?"

"Sindinailawe n'komwe."

"Chitsiru. Lowani mukasambe."

Ulesi analibe bambo ameneyu, ndisamunamizire. Anakumba chitsime, anamanga khola, anakonza denga langa ndisanamupemphe. Koma malowo anali aang'ono, ntchito inkatha dzuwa lisanafike pamutu, ndiye ankayamba kuyenda m'mbali mwa mpanda, kupita, kubwera, kupita, kubwera, ngati mbuzi ya pachingwe, mpaka udzu unatha n'kutsala kanjira kofiira. Ine ndikuchapa ndinkachita chizungulire pongomuyang'ana.

"A Prosser, takhalani pansi, mwandizunguza mutu!"

"Ndikakhala pansi, a Dorcas, miyendoyi imapitabe. Bola ndipite nayo."

Amuna odutsa pamsewu nawo sankamusiya. "Idwal, tiye tikamwe! Kapena adona sanalole?" Iye ankangoseka n'kuloza kunyumba ndi chibwano. Keziah akamva ankatuluka ndi chipande m'manja, anthu aja n'kuwonjezera liwiro.

Koma Keziah sankapuma. Mwamuna anali naye m'nyumba, mtima uli m'mwamba nthawi zonse. Geti likangolira ankataya chilichonse chimene chinali m'manja. Nsapato za mwamuna wake ankadzazibisa kwanga, pansi pa mulu wa zovala zakuda, n'kumazitulutsa Lamulungu lokha popita kutchalitchi, kumene akaidi onse ankaitanidwa mayina mapemphero akatha. Ankati munthuyu akangopirira mpaka apatsidwe tikiti, kapepala kolola mkaidi kudzigwirira ntchito yekha m'dera lake, ndiye kuti nkhondo yatha theka. Ndinamufunsa ngati satopa kulondera munthu wa ndevu ngati mwana wokwawa. Anandiyankha kuti wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, koma ponena mawuwo maso anali pageti.

Pakhomopo ankaweta atsekwe, n'kumagulitsa mazira ndi nthenga. Tsiku lina Idwal, pofuna kuseketsa Tegwen amene ankamuopabe, anamuonetsa mmene kwawo amavekera atsekwe nsapato asanayambe ulendo wautali. Amawapondetsa m'phula lofunda, kenako mumchenga, n'kubwerezanso, mpaka kuphazi kuuma gwa ngati chikopa, kuti miyala ya pamsewu isawabaye. Anaveka tsekwe mmodzi, tsekweyo n'kumayenda monyang'wa ngati mkulu wa mpingo, mwana n'kuseka mpaka kugwa. Keziah anaima pakhomo manja ali m'chiuno, akulalata kuti akumuwonongera phula la denga. Koma anaonerera mpaka kumapeto.

Kutatsala pang'ono kuti tikiti ija ituluke, pamsewu panadutsa gulu lalikulu la ng'ombe lopita ku Hobart, fumbi lili koboo, agalu akuuwa, zikwapu zikulira. Idwal anaima pampanda atagwira mtengo ndi manja onse awiri mpaka fumbi linatha. Madzulo ake sanadye. M'mawa mwake, tsiku Lachisanu, Keziah analowa kwanga osaodira n'kufwanyula mulu wa zovala uja. Nsapato zinalipo.

"Wapita wopanda nsapato," anatero. "Galu ameneyu wapita wopanda nsapato, kuzizira konseku!"

Ine ndinapsa mtima kuposa mwini wake. "Thamangani mukanene nokha, anzanga. Mukanena msanga apita yekha, inu ndi mwana mutsala ndi nyumba yanu. Mukabisa, Lamulungu aitana dzina lake, ndiye muyankha chiyani?"

"Ndiye ndinawolokera nyanja kudzamupereka kwa okwapula?"

"Munawolokera nyanja kudzatenga chitsiru, ndipo mwachiona."

"Chitsirucho n'changa. Sonkhezani moto, ndikukatenga phula."

Ndinaganiza kuti mutu wamusokonekera. Koma iye anali atawerengera kale. Lamulo linkati wantchito woyenda ndi bwana wake safuna chiphaso. Ngati Idwal ali pamsewu, ndiye kuti Keziah nayenso akhale pamsewu womwewo, ndipo mkazi wanzeru zake sayenda pamsewu popanda chifukwa chooneka. Chifukwa chake chinali m'kholamo, chikulira.

Amene sanagwirepo tsekwe asandiuze kanthu. Chinthu chimenechi chimaluma, chimamenya ndi mapiko, ndiponso chimakuipitsira siketi chikukuyang'ana m'maso. Tinathira phula m'chibeseni changa chochapira, chimene sichinachirenso mpaka lero, mchenga tinakapala pang'ono kuseri kwa khola, n'kuyamba kuwaviika mmodzimmodzi. Phula lija poyamba linatentha kwambiri n'kutiwotcha manja, kenako linazizira n'kumamata ngati ulimbo. Nthenga zinatikakamira m'tsitsi ndi kumaso. Ndinatukwana Idwal, ndinatukwana nkhosa ija, ndinatukwana dziko lonse la Wales. Keziah ankangoviika n'kuponya, kuviika n'kuponya. Titamaliza anakasiya Tegwen kwa mkazi wa wosula zitsulo, anakoleka nsapato za mwamuna wake m'khosi, ndipo tinatulutsa atsekwe aja pamsewu wa ku Hobart, kumene ng'ombe zija zinalowera.

Tsekwe sadziwa changu. Mtima wako uli kutsogolo, iye waima akudya udzu. Ukathamangitsa wa kumanzere, wa kumanja walowa m'ngalande. Keziah ankatsogola n'kubwerera, kutsogola n'kubwerera, akukwera pa chulu chilichonse kuti aone patali. Ngolo iliyonse yochokera kutsogolo ankaiyang'ana m'kati, kuopa kuti mwina mwamuna wake wagonekedwamo atamangidwa. Pofunsa sakanafunsa, chifukwa bwana wofunsa kumene kwapita wantchito wake wadziulula yekha. Dzuwa linapendeka tisanapite patali, ine miyendo itayamba kale kukana.

Tinawaona potsetsereka, pamene msewu umadutsa m'mitengo ya bulugamu. Kutsogolo kunali wapolisi Rudge pahatchi. Rudge ameneyu anali mkaidi ngati ife tomwe, kungoti anamupatsa ndodo ndi chipewa, ndipo akagwira wothawa, boma linkamuchepetsera Rudgeyo zaka zake, ndiye chifundo musachiyembekezere. Kumbuyo kwake kunali Idwal, manja omangidwa, chingwe chili pachishalo, akutsimphina, mapazi ali magazi okhaokha. Keziah anadutsa pakati pa atsekwe aja ngati akupita kukatunga madzi.

"Iwe Prosser!" anakuwa. "Ndinakutuma kuti utsogole ukatifunire dambo logonekapo atsekwe. Dambo lake ndi limeneli?"

Idwal anayang'ana mkazi wake, kenako atsekwe aja.

"Mayi," anatero Rudge, "munthuyu ndamugwira kupitirira mudzi wa Jericho, ndipo chiphaso alibe."

"Chiphaso chake ndine. Simukundiona? Kapena ndafupikitsa?"

"Wantchito amayenda pambali pa bwana wake, osati kutali chonchija."

"Ndiye mlandu ndi wanga kuti atsekwe ali ndi miyendo yaifupi? Akwezeni pahatchi yanuyo tione ngati sitimupeza."

"Nanga munthu wotumidwa amayenda wopanda nsapato?"

"Si izi ndanyamulazi? Zimamupweteka pachilonda chimene munamupatsa anthu inu. Ndimusenzere nsapato, ndimusenzerenso mlandu?"

Rudge sanali mwana. Anatiyang'ana, nthenga zili m'tsitsi, n'kunena kuti nkhaniyi yaphikidwa m'mawa womwewo. Keziah anagwira tsekwe mmodzi pakhosi n'kumutembenuza miyendo m'mwamba pafupi ndi mphuno ya hatchi.

"Taonani apa, bwana. Munthu amaveka atsekwe phula pongocheza? Ulendo uwu ndi wa ku Hobart, ndipo tinaukonza kalekale."

Rudge anawerama, anakhudza phazi lija, anayang'ana gulu lonse, aliyense mapazi akuda bii. Ndinaona kuti wayamba kugwa mphwayi. Zikanathera pomwepo. Koma Idwal naye anali atasuzumira, ndipo munthu amene wayendetsa atsekwe moyo wake wonse sangaone zimene tinachita ifezo n'kukhala chete, ngakhale chingwe chili m'manja.

"Wavekayu ndani?" anafunsa. "Phula lokhalokha, mchenga mulibe! Uyu zala zamatana. Awa sakafika ndi ku Green Ponds komwe, awa!"

Ndikanakhala ndi mwala pafupi ndikanamugenda. Rudge anadzuka pachishalo pang'onopang'ono, akumwetulira.

"Ohoo. Ndiye kuti wotsogolera ulendo sakudziwa amene waveka atsekwe ake?"

Mbama imene Keziah anamuwaza mwamuna wake inamveka mpaka atsekwe anabalalika.

"Ukanaveka wekha monga ndinakuuzira dzulo, m'malo mothamangira kutsogolo ngati wamisala! Wandisiyira ntchito yako, ine ndi a Dorcas tapsa manja, taona, taona matuzawa! Lero ukufuna undichititse manyazi pamaso pa boma? Ndimakudyetsa ndine, iwe!"

Anamuika manja akupsa aja kumaso, ndipo misozi imene inatuluka m'maso mwa Keziah sinali yochita kupanga. Idwal anayang'ana manjawo n'kuweramitsa mutu. Rudge anaseka mpaka kutsokomola.

"Umenewo ndi mwano, mayi. Mukafuna ndipite naye, zikoti zimuwongola."

"Wanga ndimawongola ndekha. Mumasuleni, dzuwa likupita."

Anamumasula. Kenako anatsika n'kusankha tsekwe wonenepa kuposa onse, n'kumumangirira pachishalo osapempha. Ponyamuka anati adzafunsa ku Green Ponds ngati atsekwe ovala phula adutsako, ndipo akadzamva kuti sanadutse, adzabwera kudzatenga awiri, wantchito ndi bwana wake yemwe.

Hatchi itapita tinatsala chiimire.

"Mayi a Tegwen," anayamba Idwal.

"Musandiyankhule. Valani nsapatozi. Mumafuna msewu, si uwu? Tiyeni."

Iye anavala, koma asananyamuke anagwada m'mbali mwa msewu n'kuyamba kugwira atsekwe aja mmodzimmodzi, kuwalekanitsa zala ndi kuwapondetsa mumchenga. Ankawagwira mofatsa moti sanalumidwe ngakhale kamodzi, zimene zinandinyansa kwambiri. Ine ndinabwerera pomwepo, chifukwa tikiti yanga sinkandilola kupitirira dera lathu. Ndinakatenga Tegwen, ndipo Lamulungu ataitana dzina la Prosser ndinayankha mokweza kuti ali paulendo ndi bwana wake.

Anabwerako patapita masabata. Atsekwe ena anafera m'njira, otsalawo anafika ku Hobart ataonda moti anangowataya pamtengo wozizira. Keziah mapazi anali atatupa ngati maungu. Koma Idwal anadya mbale ziwiri za nyama ya nkhosa ndi mbatata, n'kugona tsiku lonse lathunthu, ndipo kwa mwezi sanapondemo m'kanjira kake kofiira kaja. Keziah anaona zimenezo. Anasiya kubisa nsapato n'kuyamba kugula atsekwe ndi nkhukundembo m'mafamu oyandikana. Akangoona kuti bondo la mwamuna wake layamba kuvina kwambiri pansi pa tebulo, ankabwera kudzabwereka chibeseni changa.

Msewu ankadana nawo mkazi ameneyu. Ankautukwana ponyamuka, ankautukwana pobwera. Akanatha kungomulembetsera chiphaso n'kumusiya apite yekha, koma pepala sankalikhulupirira, ankapita mwini wake. Tikiti ija inatuluka. Kunabadwa anyamata awiri, Emrys ndi Huw, ndipo Huw anatsala pang'ono kubadwira pansi pa ngolo ya eni ku Bagdad, kamudzi ka pamsewu wa ku Hobart. Anagula malo aja, anamanga nyumba ya miyala, Tegwen anakula n'kumaposa mayi ake msinkhu ndi pakamwa pomwe. Anthu ankati a Prosser akhazikika. Ine ndinkangoyang'ana bondo lija m'tchalitchi, ndipo linkagwederabe.

Chikhululukiro cha boma chomasula Idwal chinachedwa chifukwa cha kuthawa kwakale kuja, ndipo chinafika pa nthawi yoipa. Kutsidya kwa nyanja, ku Victoria, kunali kutatulukira golide, ndipo amuna ankachoka kuno ngati ngumbi. Wosula zitsulo anapita, wophika buledi anapita, ngakhale wokumba manda anasiya fosholo. Akazi awo ambiri akudikirabe mpaka lero. Pepala la Idwal linkati ndi mfulu, angathe kupita kulikonse padziko lapansi kupatula kwawo kumene anachokera. Analimvetsera likuwerengedwa, anagwedeza mutu, n'kulipereka kwa mkazi wake.

"Sungani, adona."

"Udona watha," anatero Keziah. "Kuyambira lero mulibe bwana."

Anafuna kuti zimveke ngati nthabwala, koma mawu anatuluka owuma.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera kale, Idwal anavala nsapato, anavala chikhoti, anaika buledi m'thumba, n'kunena kuti, "Ndapita." Sananene kumene akupita, ndipo mkazi wake sanafunse. Anatuluka pageti n'kukhotera kumpoto, kumsewu wa ku Launceston, kumene kumakwereredwa sitima za ku golide. Ndinaona zonse ndili pachingwe choyanikira, ndipo ndinalumpha mpanda ngati mtsikana.

"Mwamuona? Walowera kudoko! Dzukani, chibeseni chilipo, phula lilipo!"

Keziah anali atakhala pakhonde akusosola tsekwe. Sanadzutse mutu.

"Ndikamuthamangire ngati ndani, a Dorcas? Kale ndinali ndi lamulo. Lero ndi mfulu."

"Ngati mkazi wake! Ngati mayi wa ana atatu!"

"Zimenezo akuzidziwa. Sanaiwale pageti."

Ndinamulalatira mpaka mawu anandithera, iye akungososola. Tsekwe ameneyo anamusosola mpaka kumusenda khungu.

Masiku amenewo sindifuna kuwakumbuka. Wangolo wina anati wamuona ku Ross. Wina anati wamuona ku Campbell Town akuyenda ngati akuthamangitsidwa. Kenako wogulitsa nsalu anabwera n'kulumbira kuti wamuona padoko penipeni ku Launceston, ali pakati pa amuna onyamula mafosholo. Anyamata aja anasiya kufunsa. Tegwen ankamenyetsa miphika. Keziah chakudya chinkamukanika, ntchito akaiyamba sankaimaliza, ndipo tsiku lina ndikuyanika zovala ndinamuona ali m'mbali mwa mpanda, manja ali kumbuyo, akupita, kubwera, kupita, kubwera, m'kanjira kaja ka mwamuna wake kamene kanali katamera kale udzu. Zinandiwawa mumtima kuposa tsiku la Rudge, ndipo ndinalowa m'nyumba kuti ndisaone.

Anatulukira masana ena, ife tikupinda nsalu za pabedi pakhonde pawo. Geti linalira, ndipo Keziah sanacheuke, anangofinya nsalu ija m'manja. Idwal analowa akukoka phazi lake lija, fumbi mpaka m'nsidze, chimanjamanja. Anaima patsogolo pathu ngati tsiku lija anabwera ndi wapolisi.

"Golide uja ali kuti?" ndinamufunsa ine.

"Sitima ndinaiona, a Dorcas. Yabwino ndithu. Ndinafika mpaka pathabwa lokwererapo."

"Ndiye munakatani kumeneko, bambo inu? Mwatiyanika pamoto masiku onsewa chifukwa chofuna kukaona thabwa?"

Sanandiyankhe ine. Anayang'ana mkazi wake.

"Chibwerere kuno ndakhala ndikubwezedwa. Ndi zikoti, ndi unyolo, ndi chingwe cha Rudge. Inunso munandibweza ndi atsekwe. Pakhomo pano ndinachita kubweretsedwa ngati thumba la ufa. Ndimafuna ndifike poti palibe wondiletsa, kenako ndibwere ndekha, ndi miyendo yangayi, popanda wonditenga."

Keziah anapinda nsalu ija kawiri, n'kuipindanso, ngakhale inali yopindapinda kale.

"Ndiye simukanatha kunena?"

"Ndikananena mukanandilola. Ikanakhalanso ntchito yotumidwa."

"Vulani nsapatozo, musandidetsere m'nyumba," anatero Keziah. Ananyamuka n'kupita kuseri kwa khola, ndipo analira kumeneko mokweza moti atsekwe onse anamuyankha. Idwal anavula nsapato, anakhala pasitepe, n'kupempha tiyi. Anamwa atakhala pansi, ndipo ine ndinaona ndi maso angawa.

Musaganize kuti anasintha n'kukhala munthu wapampando. Anayendabe zaka zambiri, ku Hobart, ku Launceston, kumapiri, nthawi zina ndi ziweto, nthawi zina ndi ana ake, nthawi zina chabe chifukwa kunja kwacha bwino. Koma Keziah sanapondenso pamsewu, ndipo geti likalira sankatayanso zinthu. Ankangoti, "Mubwere ndi shuga," iye n'kubwera ndi shuga, kapena kuiwala n'kulalatiridwa. Ana anakwatira, zidzukulu zinadzaza bwalo, chibeseni changa sanandibwezere.

Keziah anatisiya nyengo yozizira yapitayi. Chifuwa chinamugwira Lolemba, pofika kumapeto kwa sabata tinali titamuika. Chichokereni kumanda Idwal anatulutsa mpando n'kuuika pageti, ndipo ndi pamenepo pamene anyamatawa amamuona. Miyendo ikadali yolimba, dokotala anatero. Emrys anamupempha kuti aperekeze nkhosa ku Ross, anakana. Tegwen anamuitana kuti akacheze kwawo, anakana. Bondo lija, limene linandisowetsa mtendere m'tchalitchi zaka zonsezi, lili zii, ndipo ndikuuzeni zoona, ndimalisowa.

Dzulo kunadutsanso ng'ombe, fumbi lili koboo, agalu akuuwa. Ndinapita pampanda dala kuti ndimupute.

"A Prosser, si izo zikupita? Dzukani, mwakalamba liti? Palibe wobisa nsapato, palibe Rudge, msewu ndi wanu wonsewu."

Anaziyang'ana ng'ombe zija mpaka yomaliza, manja ali pamaondo.

"Kupita ndiye ndingapite, a Dorcas," anatero. "Koma ndikabwerera kwa ndani?"